Gardenia wa mayi anga, phulusa ndi madzi a pamjigo

Mayi wina wa ku Moatize wandilembera imelo yofunsa chifukwa chimene masamba a gardenia wake akusandukira achikasu ndiponso mphukira za maluwa zikuyoyokera zisanamasule, chikhalirecho amamuthirira tsiku ndi tsiku madzi a pamjigo ndipo amamuwazanso phulusa. Mayi, nditafika pa mawu akuti phulusa ndinayamba ndaima kaye, chifukwa munandikumbutsa cholakwa changa chomwe.

Kwathu ku Ulongwe mayi anga anali ndi gardenia pambali pa khonde, chitsamba cha masamba obiriwira onyezimira ngati opakidwa mafuta, ndipo mvula ikayamba, fungo la maluwa ake oyerawo linkatipeza mpaka m'chipinda chogona. Sankavutika naye n'komwe. Nditapeza ntchito mumzinda wa Tete ndinadula kanthambi, n'kukazika m'chitini, ndipo katagwira mizu ndinatsika nako pa chapa, minibasi ya kuno, nditakafungatira pamiyendo ngati khanda. Miyezi yoyamba kanakula bwino, koma kenaka masamba anthete akunsonga anayamba kuyezuka, tsamba lonse chikasu, mitsempha yake yokha n'kutsala yobiriwira ngati ukonde. Ndinaganiza kuti ndi njala, choncho ndinachita zimene tinaphunzira kudimba: ndinatapa phulusa la pambaula n'kuthira patsinde, ndipo chikasu chitakula ndinawonjezeranso lina. Pofika mwezi wa Novembala ndinatsala ndi kamtengo kouma m'chitini, ndipo ndinachita manyazi kuwauza mayi, moti kwa chaka chathunthu akandifunsa ndinkangoti duwa lili bwino.

Chimene ndinadzadziwa mochedwa n'chakuti gardenia amafuna dothi la asidi, la pH (muyeso wa asidi) ya pakati pa 5 ndi 6, monga mmene amafunira khofi, pakuti ziwirizi n'zabanja limodzi la zomera lotchedwa Rubiaceae. Phulusa limachita ntchito ya laimu, limapha asidi m'dothi, ndipo zikatero mizu imalephera kuyamwa ayironi ngakhale ayironiyo alimo wambiri. Ndicho chifukwa chake chikasu chimayambira pa masamba anthete. Madzi ambiri a pamjigo amachitanso zomwezo mwapang'onopang'ono. Suzumirani m'ketulo yanu: ngati pansi pake pachita nkhokho zoyera zolimba, dziwani kuti zomwezo zikuunjikana m'dothi la duwa lanu nthawi iliyonse mukathirira.

Apa ndiyenera kunena mosabisa kuti gardenia si duwa la m'chigwa cha Zambezi. Mtundu umene timabzalawu, Gardenia jasminoides, kwawo ndi ku China ndi mayiko oyandikana nako, ndipo dzinalo unalitengera kwa Alexander Garden, dokotala wa ku Scotland amene ankakhala ku Charleston, ku America. Kuti amange mphukira n'kuzisunga, gardenia amafuna usiku wozizira bwino, madigiri 15 mpaka 18. Ku Angónia, kumene kuli Ulongwe, ndi ku Tsangano, kumtunda kozizira kwa dothi lakatondo, zimenezi amazipeza mwaulere. Nanga ku Moatize ndi ku Tete, kumene mu Okutobala masana amapyola madigiri 40 ndipo usiku khoma limakhala likutenthabe ngati chiwaya? Mphukira zanu zikugwa ndi kutentha komanso kuuma kwa mpweya, ndipo mukamuthirira mopitirira kuti mumupepese, mizu imaola ndipo zimagwa zochulukirapo. Ndimakwiya nawo ogulitsa mbande amene amatsika nazo kuchokera kumtunda zili ndi maluwa kale, n'kumagulitsa kwa anthu a kuchigwa osawachenjeza kanthu. Amene anandigulitsa gardenia wanga wachiwiri anandiuza kuti ndimuike padzuwa la tsiku lonse, ndipo sindikhulupirira kuti munthuyo analerapo duwali ngakhale kamodzi. Chondiwawanso n'chakuti m'tchire la kuno kum'mwera kwa Africa muli abale ake, monga Gardenia volkensii, amene amapirira dzuwa ndi chilala ndipo maluwa ake amanunkhira bwino ndithu, koma ogulitsawo sindinawaonepo atanyamula mbande zake.

Zoti muchite tsopano

Lekani phulusa lero lomwe, ndipo mupale dothi lapamwamba limene lasakanikirana nalo. Ngati duwalo lili pansi, makamaka pafupi ndi khoma la simenti limenenso limatulutsa laimu, lisamutsireni mumphika waukulu wobowola kunsi, m'dothi losakaniza ndi masamba owolerana, n'kuliika pamene dzuwa limafika m'mawa mokha, monga kum'mawa kwa mtengo wa mango. Tchererani madzi a mvula a padenga mumgolo, ndipo muzithirira pokhapokha mukapisa chala m'dothi n'kumva kuti pamwamba payamba kuuma. Feteleza wa salufeti pang'ono chabe amabweza asidi, ndipo mankhwala a ayironi opopera masamba, ngati mungawapeze m'sitolo za alimi, amabwezeretsa kubiriwira msanga. Mukaona masamba akuda ngati apakidwa mwaye ndipo nyerere zikukwera n'kutsika, tembenuzani tsamba, mupeza nsabwe zimene zikuyamwa madzi ake; zitsukeni ndi madzi a sopo wochepa. Kudulira nthambi kudikire mpaka maluwa atatha.

Wanga wachitatu, amene ndinakatenganso kwa mayi nditaulula mlandu wanga, ali mumphika kuseri kwa nyumba, ndipo chaka chatha anandipatsa maluwa anayi okha, onse nyengo itayamba kuzizira.