Kodi makampani amasiyiranji portal yawo n'kusamukira ku ina?

Mayi wina amene amayang'anira za makompyuta pa kampani yogulitsa zipangizo zaulimi kuno ku Zomba watilembera imelo. Ali ndi antchito 80, likulu lili m'tauni, mashopu ali ku Songani, Jali ndi Thondwe. Mafomu a tchuthi, makontrakiti ndi malipoti a mwezi zonse zimakhala pa portal yawo, tsamba la mkati mwa kampani limene antchito amalowapo, yoyendera pulogalamu ya Microsoft ya SharePoint Server 2016, pa seva (kompyuta yaikulu yosungira zonse) imene ili m'kachipinda ka kuseri kwa ofesi ya akaunti. Abwana abwerako ku msonkhano ku Blantyre ali ndi mawu amodzi, akuti tisamuke. Mayiwa akufunsa kuti makampani ena amasamukiranji, ndipo ngati iwo ali ndi chifukwa chenicheni.

Mayi, chifukwa muli nacho, koma si chimene abwana anaona pa projekita ku msonkhanoko. Makampani ambiri sasamuka chifukwa chotengeka ndi kukongola kwa pulogalamu yatsopano. Amasamuka chifukwa chakakamiza ndi tsiku, bilu, kapena kuchoka kwa munthu amene ankadziwa mmene zinthu zinalumikizidwira.

Kwa inu chokakamiza ndi tsiku. Microsoft inaika 14 July 2026 kukhala tsiku lomaliza kusamalira SharePoint Server 2016 ndi 2019, monga inachitira ndi ya 2013 pa 11 April 2023. Tsikuli likapyola pulogalamu siizima ayi, imatseguka bwinobwino, ndipo n'chifukwa chake mabwana ambiri sadera nkhawa. Chimene chimaleka kubwera ndi zigamba zotseka mipata imene akuba a pa intaneti amalowerapo. Mu July 2025 akubawa anapeza mpata pa ma seva a SharePoint amene makampani amasunga okha, n'kulowa m'mabungwe ambiri padziko lonse. Microsoft inatulutsa chigamba cha 2016, 2019 ndi Subscription Edition, mtundu watsopano wa SharePoint Server. Mpata wina wotere ukapezeka chithandizo chitatha, chigamba cha 2016 musachiyembekezere. Ngati mashopu anu amalowa pa sevayo kudzera pa intaneti, akubanso akuiona.

Izi sizichitika kwa a Microsoft okha, mapulogalamu ofanana nawo a makampani ena zawachitikiranso. IBM inagulitsa WebSphere Portal kwa HCL mu 2019, ndipo amene ankaigwiritsa ntchito anadzuka ali ndi mwini wina wokambirana naye mitengo. Atlassian inasiya kusamalira Confluence Server pa 15 February 2024. Meta nayo inalengeza mu 2024 kuti ikutseka Workplace.

Nkhani ya ndalama ndiye imafuna kukhala pansi ndi kalikuleta, chifukwa imakankhira anthu mbali zonse ziwiri. Ena amathawa seva ya mu ofesi: kugula ina pakatha zaka zisanu, malaisensi a Windows Server ndi SQL Server, mabatire a UPS osungira magetsi, dizilo wa jenereta magetsi a ESCOM akathima. Seva ikazima mwadzidzidzi ili mkati molemba, database imatha kuwonongeka, ndipo tsiku limenelo m'pamene anthu amazindikira kuti backup, kukopera zonse pamalo ena, inasiya kuyenda kalekale. Ena amathawa mbali inayo, ya Microsoft 365, kumene zonse zimakhala pa ma seva a Microsoft pa intaneti ndipo amalipirira munthu aliyense mwezi uliwonse, mitengo yake yowerengera madola. Tingoyerekeza kuti laisensi imodzi ndi madola 10 pamwezi. Antchito 80 pachaka ndi madola 9,600. Kwacha isanagwe mu November 2023 dola inali cha pa K1,180, ndiye bilu imeneyi ikanakhala K11.3 miliyoni. Itagwa n'kufika pa K1,700, bilu yomweyo inasanduka K16.3 miliyoni, popanda kuwonjezera wantchito ndi mmodzi yemwe. Kuwonjezera apo, madolawo kuti banki ikupatseni si zachangu. Funsani wogulitsa malaisensi ngati amalandira makwacha komanso ngati mtengo amaumanga kwa chaka chonse, ndipo yankho lake likhale lolemba. Muonenso ngati onse 80 akufunika laisensi yathunthu. Wogulitsa feteleza pa kauntala ku Jali amangofuna kudzaza fomu ndi kuwerenga chidziwitso pa foni, ndipo Microsoft ili ndi malaisensi otsika mtengo a antchito otere, F1 ndi F3.

Chifukwa chimene sichitchulidwa pa misonkhano ndi cha munthu. Portal ikakhala zaka zisanu ndi zitatu imakhala itasokedwa zigamba zambiri za pakhomo: fomu ya tchuthi yopangidwa ndi pulogalamu ya InfoPath, njira yopempha chilolezo yopangidwa ndi SharePoint Designer, kachidutswa kamene kamakoka manambala ku pulogalamu ya akaunti. Amene anazipanga anapeza ntchito ku Lilongwe, sanasiye cholemba chilichonse, ndipo otsala amaopa kukhudza. Makampani ambiri amasamuka kuti athane ndi mantha amenewa. Vuto n'lakuti zinthu zimenezi sizisamuka. InfoPath nayo Microsoft inaiikira 14 July 2026 yomweyo kukhala tsiku lomaliza la chithandizo, ndipo ma farm solution, mapulogalamu owonjezera oikidwa pa seva, sagwira ntchito pa SharePoint Online, mtundu wa pa intaneti wa mu Microsoft 365. Ziyenera kumangidwanso, nthawi zambiri ndi zida za Microsoft za Power Apps ndi Power Automate, ndipo kawirikawiri ntchito imeneyi imadya ndalama ndi nthawi kuposa kusamutsa mafayilo. Kotesheni ya ntchito yosamutsayi imene siikutchula mafomu anu ndi maina awo, dziwani kuti wolembayo sanayang'ane mkati.

Zifukwa zina n'zodziwikiratu: masamba akale saoneka bwino pa foni, kusaka fayilo kumabweretsa zinyalala, anthu atopa ndi mapasiwedi atatu. Mukaona kuti mafomu ayamba kuyenda pa gulu la WhatsApp, portal inafa kale ngakhale seva ikuyakabe.

Njira zanu ndi zitatu. Mutha kukhalabe pa seva yanu n'kukwera kupita ku Subscription Edition. Kuchokera pa 2016 mumapita molunjika osadzera pa 2019, koma pamafunika Windows Server 2019 ndi SQL Server 2019 kapena zatsopano kuposa apo, ndiye kuti mwina ndi seva yatsopano. Mutha kupita ku SharePoint Online. Kapena kusiyana nayo Microsoft n'kutenga pulogalamu yotseguka kwa aliyense (open source) monga Liferay, imene ili ndi mtundu wosalipira laisensi. Kusalipira laisensi si kusalipira kanthu: Liferay imayendera Java, kusaka kwake kumadalira Elasticsearch, ndipo muyenera kukhala ndi munthu wozidziwa amene angafike ku Zomba tsiku lomwelo zikavuta. Ngati chimene mumachita kwenikweni ndi kusunga ndi kugawana mafayilo, Nextcloud ndi yopepukirapo. Kwa kampani ya anthu 80 yokhala ndi katswiri mmodzi yekha, ife tingasankhe SharePoint Online, pokhapokha nkhani ya madola italephereka kapena netiweki ya kumashopu itakana.

Netiwekiyo muiyese musanasaine kalikonse. Tengani foni wamba ya wantchito, osati ya abwana, mupite nayo ku Jali tsiku la msika, muyese kutsegula fayilo ya PDF ndi kutumiza fomu pa TNM ndi pa Airtel. Kumbukiraninso kuti mukasamukira pa intaneti, ngakhale a kulikulu sadzaona mafayilo mzere wa intaneti ukaduka, pamene lero amawapeza chifukwa seva ili pafupi. Mzere wachiwiri wa kampani ina uyenera kulowa mu bajeti.

Posamutsapo, zimene zimagwetsa anthu ndi zazing'ono. SharePoint Online siilola njira ya fayilo, kuphatikiza maina a mafoda onse, kupitirira zilembo 400, ndiye mafoda olowana kakhumi aja a ku akaunti adzakanidwa. Maina okhala ndi zizindikiro monga * : ? | nawonso amakanidwa. Laibulale, malo osungira mafayilo pa SharePoint, yopitirira zinthu 5,000 imavuta kuonetsa ngati simunaikonzere ma index, milozo yothandiza kusaka. Mafayilo a anthu amene anasiya ntchito amasowa mwini, ndipo zilolezo zimene zinaperekedwa kwa munthu mmodzimmodzi zimasokonekera, mpaka fayilo ya malipiro kuoneka kwa aliyense. Konzani magulu a zilolezo musanayambe, ndipo foda ya malipiro muiyese polowa ngati wantchito wamba. Popeza mumasunga uthenga wokhudza antchito ndi makasitomala, muonenso zimene Data Protection Act ya 2024, imene MACRA imayang'anira, ikunena pa zotumiza uthenga wotere kunja kwa dziko.

Malo osungira pa SharePoint Online mumapatsidwa 1 TB kuphatikiza 10 GB pa laisensi iliyonse yoyenerera, ndiye sangakuchepereni msanga. Chovuta ndi nthawi yokweza. Mafayilo a 300 GB pa mzere wokweza 10 Mbps amafuna maola pafupifupi 67, masiku atatu osaduka magetsi kapena intaneti. N'chifukwa chake kusefa kumayamba: zimene sizinatsegulidwe zaka zitatu zipite pa disiki yosungira, kupatula zimene malamulo a msonkho ndi a ntchito amafuna kuti zikhalepo. SharePoint Migration Tool ya Microsoft ndi yaulere ndipo imatha kusanthula mafayilo n'kutulutsa mndandanda wa amene akanidwe musanasamutse. Yambani ndi dipatimenti imodzi yaing'ono, kwezani zochuluka usiku, zotsala mumalize Loweruka ndi Lamlungu, ndipo musachite izi mu October kapena November pamene alimi ali pamzere wa mbewu ndi feteleza. Seva yakale muisiye yongowerenga kwa miyezi itatu, koma muichotse pa intaneti tsiku lomwelo.