Za 6 Febuluwale ndi tsiku lina lomwe timaliiwala

Achimwene ena omwe ali pa Joni anditumizira imelo sabata yatha, akuti akangana ndi anzawo kuntchito mpaka kutsala pang'ono kugwirana makolala. Funso lawo ndi loti kodi tsiku lenileni lokumbukira Bob Marley ndi liti, Febuluwale kapena Meyi, nanga bwanji mawailesi amachita kusefukira ndi reggae mwezi wa Febuluwale?

Achimwene, nonse awiri mukunena zoona ndithu, nde musamenyane. Mkuluyu anabadwa pa 6 Febuluwale 1945 kumudzi wina wotchedwa Nine Mile ku St Ann, Jamaica, ndipo anamwalira pa 11 Meyi 1981 m'chipatala ku Miami ali ndi zaka 36 zokha, khansa yomwe inayambira pachala cha kuphazi ndi imene inamutenga. Koma za Febuluwalezo sikuti ndi Bob yekha ayi, Dennis Brown, katswiri winanso wa reggae wa ku Jamaica, nayenso anabadwa pa 1 Febuluwale 1957, nde boma la Jamaica mu 2008 linangoti basi mwezi wonsewu ukhale wa reggae. Mu 2005 pokumbukira zaka 60 chibadwire Bob chikondwerero chachikulu chinakachitikira ku Addis Ababa ku Ethiopia pa Meskel Square, osati ku Kingston.

Ndikuganiza chomwe chakusokonezani nchoti ife kwathu kuno tinazolowera kukumbukira tsiku lomwe munthu anatisiya osati lomwe anabadwa, taonani ku Chileka, anthu amakhamukira kumeneko chakumapeto kwa chaka chifukwa woimba reggae wa kumeneko Evison Matafale anamwalira mu Novembala 2001, koma funsani gulu lonselo kuti anabadwa liti muone mmene akandire mitu. Agogo anga omwe samadziwa nkomwe tsiku lawo lobadwa, amangoti chaka cha dzombe.

Koma ine mukandifunsa, tsiku lomwe limandipatsa tsembwe ndi la 17 Epulo 1980. Usiku umenewo ku Rufaro Stadium mu Salisbury, Harare ya lero ija, Zimbabwe imalandira ufulu, mbendera ya Angelezi ikutsitsidwa pakati pausiku Prince Charles ali pompo, Mugabe ali pompo. Bob anabwera ndi gulu lake komanso zida zoimbira polipira yekha m'thumba mwake, tangoganizani, munthu woti dziko lonse likumufuna. Nde atangoyamba kuimba anthu omwe anatsekeredwa panja anakankha mageti kuti nawo alowe, apolisi nkuponya utsi wokhetsa misozi, utsi uja mpaka kufika pa steji, oimba ena kuthawa, zinthu kuima kaye kenako nkuyambiranso. Tsiku lotsatira anaimbanso ulere kuti anthu wamba aja nawo amve kukoma.

Ndipo musaiwale kuti uyu ndi munthu yemwe anamuwombera kunyumba kwake pa 3 Disembala 1976, patangodutsa masiku awiri nkukakwera steji ali ndi bala lake. Utsi wa ku Rufaro unali chani kwa iye.

Nde anzanu akuntchitowo auzeni kuti Febuluwale ndi wa keke, Meyi ndi wa maliro, koma mukawafunse ngati pa Epulo pamenepo akudziwapo kanthu. Ngati ali a ku Zimbabwe nkulephera kuyankha akugulireni Fanta.