Achemwali, musadikire kuti bambowo ayambe kubanika

Achemwali, ndaona zimene mwalemba pa gulu pano zoti bambo akudwala ndipo mukufunsa chochita, koma zoti muwasunge bambowo kunyumba mpaka Lolemba musamvere chonde. Malungo sanapezeke, thupi likutenthabe, nsima sakuimva kukoma, komanso mwati ali ndi shuga. Pitani nawo akayezedwe korona lero lomwe. Makomenti a mandimu ndi bulugamu amene anthu akuyankhani andipweteka mtima, chifukwa nzeru zomwezi zinatsala pang'ono kutiphera mayi athu.

Inali sabata ija tinataya nduna ziwiri ndi korona tsiku limodzi, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, pa 12 Januwale 2021. Mayi anali atangobwera kumene kumaliro ku Mitundu. Malemuwo akuti anangodwala chifuwa. Azimayi anagona ku siwa mothithikana, kuimba usiku wonse mawindo ali chitsekere. Masiki mayi anali nayo, koma anthu anayamba kuwanena kuti a m'tauni mwabwera ndi matama, ndiye anaivula. Mwa omwe anagona m'nyumba imene ija, si mayi okha anadwala.

Achimwene anapita nawo pa kachipatala kena kolipira kufupi ndi kwathu, dzina sinditchula. Munthu wa gauni yoyera anamupeza pamenepo, kaya ndi dokotala kaya ndi ndani, sanawayeze korona, sanawayeze mpweya. Za shuga sanafunse n'komwe chonsecho kabuku kawo ka kuchipatala kali m'manja mwake. Anangosolola kajumbo komangiratu kale m'dirowa: azithromycin, zinc, vitamin C ndi timapiritsi ta dexamethasone. Akuti "paketi ya Covid". Ndalama anadya zambiri, n'kuwonjezera kuti, "Musapite nawo ku chipatala chachikulu, kumeneko munthu akalowa satuluka." Kunyumba nako malume anali ndi voice note ya pa WhatsApp ya dokotala wopanda dzina, yoti kufukiza kumapha kachirombo kasanafike m'mapapo. Ndiye m'mawa ndi madzulo mayi ankakhala m'bulangete ndi poto wa bulugamu, kutulukamo thukuta lili chuchuchu, aliyense n'kumati taonani matenda akutuluka.

Matendawa ndi achinyengo, abale. Mpweya m'magazi umatha kutsika munthu akucheza bwinobwino. Mayi ankaseka, ankafunsa ngati adzukulu adya. Kungoti popita kubafa ankaima panjira atagwira khoma.

Usiku wina cha m'ma 11 mlamu wanga anandiimbira akulira. Ndinawapeza mayi ali pansi atatsamira bedi, milomo itatuwa, akupempha madzi osalekeza, chitenje chitanyowa. Kenako anayamba kuitana azakhali awo amene anamwalira kalekale, kuwauza kuti atsekule khola la mbuzi. Neba wathu ndi namwino, Mulungu amudalitse mayi ameneyo, anathamanga ndi kachipangizo kopana chala koyezera mpweya m'magazi kaja, oximeter. Kanalemba 78. Anasintha chala, 78 yomweyo. Atawabaya kuti aone shuga, makina sanapereke nambala, anangolemba HI, kusonyeza kuti shuga wakwera mopyola muyezo. Anatenga kajumbo kaja patebulo, kuwerenga, n'kutiyang'ana tonse mmodzimmodzi: "Wawapatsa izi ndani munthu wa shuga?"

Galimoto panalibe. Inali nthawi ya lamulo loletsa kuyendayenda ikakwana 9 koloko usiku, ndipo a taxi akangomva kuti wodwalayo ndi wa chifuwa foni ankadula. Mmodzi anavomera pa mtengo wowirikiza, bola mawindo onse akhale otsekula. Mvula ikuwaza mkati, ine ndili kumbuyo ndawafungatira mayi, chifuwa chawo chikulira ngati chitseko cha dzimbiri, ndikuwayankhulitsa kuti asagone. Pa roadblock wapolisi anangowunika tochi kumaso kwawo n'kuti pitani msanga. Kuchipatala mabedi anali odzaza. Tinakhala pa benchi, anamwino atavala zipulasitiki thupi lonse akuthamanga uku ndi uku, wina akukoka silinda ya okosijeni yomutalika. Silinda itapezeka anawalowetsa, ine anandibweza pakhomo poti gadiyani salowa. Ndinatsala panja ndi nsapato zawo m'manja mpaka kunacha, ndikuona anthu ena akuitanidwa kukauzidwa uthenga wa maliro. Masiku amenewo ndi omwe boma linkasandutsa Bingu National Stadium kukhala chipatala, anthu wamba akusonkha ndalama pa Facebook motsogozedwa ndi a Onjezani Kenani kuti agule masilinda. Pambuyo pake n'kumva nkhani ya kusokonekera kwa K6.2 biliyoni ya Covid ija. Imeneyo ndisaiyambe, BP ingandikwere.

Chimene chinandizunguza mutu n'chakuti m'wodimo anawapatsanso dexamethasone yemweyo. Nditafunsa, dokotala wachitsikana anandifotokozera pa foni mosakalipa. Kafukufuku wamkulu wa ku UK wotchedwa RECOVERY anapeza mu Juni 2020 kuti mankhwalawa amapulumutsa odwala omwe ali kale pa okosijeni kapena pa makina opumira, koma amene sanafike pamenepo sawathandiza. Komanso amakweza shuga kwambiri. M'wodimo ankawayeza shuga pafupipafupi, kuwabaya insulin, kuwagoneka chafufumimba kuti mapapo atseguke. Wa kachipatala uja anangomva kuti ndi mankhwala a korona n'kuyamba kugulitsira aliyense wotsokomola. Kafukufuku yemweyo anapezanso kuti hydroxychloroquine sathandiza, koma mpaka lero m'magulu athuwa muli anthu akumutsatsa. Nanga chakumwa cha ku Madagascar chija, Covid-Organics, chimene pulezidenti wawo Andry Rajoelina anamwa pa TV mu Epulo 2020, chinathera kuti? Korona kumeneko anapitirirabe kupha anthu.

Mayi anatuluka, koma si mayi aja. Kakamtunda kochokera kumsika amakwera mopumira, ndipo shuga wawo tsopano ndi wa jakisoni. Wa gauni yoyera uja ndinamupitira ndi kalata yotulukira m'chipatala. Mukudziwa anati chiyani? Akuti amayiwo achira chifukwa anayambira mankhwala ake. Ndinanjenjemera thupi lonse. Mpaka pano akadali pompo, anthu akufola pakhomo pake, tijumbo take tili m'dirowa. Malume nawo sanapepese, akuti bulugamu ndi amene anawasunga kufikira tsiku limenelo.

Ndiye gauni yoyera isakunamizeni, achemwali. Komabe mverani achipatala, nanga mumvera ndani? Ine ndimaona chonchi: wodziwa ntchito amayamba wayeza, amafunsa matenda ena amene munthu ali nawo, ndipo ukamufunsa chifukwa chake amakuuza. Amene akukuopsezani kuti musapite kwina uku akukugulitsani katundu wake, thawani. Ngati mukukayika imbani ku Chipatala Cha Pa Foni, mufotokoze zonse kuphatikizapo za shugayo.

Kufukiza sindikuletsa, inenso chimfine chikandigwira ndimafukiza, mphuno zimatseguka. Tiyi wa jinja ndi mandimu apatseni, kukuziziraku. Koma zimenezo sizikweza mpweya m'magazi, ndipo munthu wofooka musamutsekere yekha m'bulangete ndi madzi owira. Ndinenenso zoona, kuchipatala si kokasangalala. Akakayezedwa n'kupezeka kuti mpweya uli pa 95 kupita m'mwamba, akudya, shuga ali bwino, achipatala akawabweza musakakamire bedi, kunyumba kuli bwino kusiyana ndi benchi ija. Agone chipinda chaokha, mawindo otsekula, wowasamalira akhale mmodzi ndipo azivala masiki. Alendo odzazonda auzeni azonde pa foni, akwiye akwiye. Muziwayeza mpweya m'mawa, masana ndi usiku. Ukatsika pa 94 imbani foni, ukayandikira 90 musafunsenso pa gulu pano, nyamukani. Nambala ya wa galimoto ikhale nayo masana ano.

Za katemera ndikudziwa ena ayamba kale kunola mano. Anafika mu Malichi 2021, a Chakwera anabayitsa pagulu ku Zomba. Mu Meyi dziko linawotcha katemera 19,610 wa AstraZeneca atatha mphamvu, poti anabwera masiku ake atatsala ochepa komanso anthu ankamuthawa chifukwa cha mabodza a 666. Ife kwathu tinabayitsa tonse, malume okha ndiwo akukanabe. Bambowo akachira mukafunse kuchipatala nthawi yoyenera kuti abayitse.

Oximeter ndinagula yanga chichitikireni zija. Ndili ku Area 25, ndilembereni ku inbox mutume mwana adzatenge, mudzabweza akachira. Mabatire ndaikamo atsopano.