Sociology: Ndiyambire Pati?

Funso: Zikomo akonzi, ndakhoza MSCE ndipo ndikufuna kuphunzira sociology. Ndiyambire pati? Mtsikana wa ku Ndirande.

Yankho: Mwana wathu, sociology, maphunziro a momwe anthu amakhalira limodzi m'magulu, amaphunzitsa ku University of Malawi ku Zomba, digiri ya zaka zinayi. Mufunsira malo kudzera ku NCHE (bungwe loyang'anira maphunziro a ukachenjede), muli ndi makirediti asanu ndi limodzi, Chingerezi chili momwemo.

Masamu musawataye. Ambiri amathamangira sociology pothawa manambala, nkukakumana ndi statistics ndi njira zofufuzira: kulemba mafunso, kusankha anthu ofunsidwa, kuwerengetsa mayankho. Apa mpomwe amagwa. Chaka chomaliza mudzachita kafukufuku wanuwanu, tinene za lendi ku Mbayani. Mutu ukhale waung'ono; waukulu umadya nthawi ndi ndalama zoyendera.

Mukamaliza mukhoza kulowa ntchito ya kafukufuku, chitukuko, kapena kupitiriza masters.