Kwa inu amene mukupita ku Joni kukaphunzira kuyendetsa ndege

Dzana mwana wa achemwali anga wa ku Area 25 anandiimbira foni kuti wina pa WhatsApp akugulitsa manotsi achidule a maphunziro onse a PPL, laisensi yoyamba ya woyendetsa ndege, ati ukaloweza timasamba timeneto mayeso wakhoza basi. Ndalama anali atatumiza kale. Mtima unandiwawa, chifukwa inenso zinandichitikira nditangofika ku Pretoria.

Choyamba, manotsi achidule amathandiza munthu amene wawerenga kale buku lonse. Mayeso a SACAA, bungwe loyang'anira za ndege ku South Africa, amafuna 75 peresenti. Ine Meteorology, phunziro la zanyengo, ndinalephera kawiri chifukwa ndinkaloweza mayankho, ndiye atangolitembenuza funso mutu unaima. Koma manyazi enieni ndinawaonera pa bwalo la ndege la Wonderboom, masana dzuwa likuswa mtengo. Aphunzitsi anandifunsa chifukwa chake ndege yathu ya Cessna 172 inathamanga mtunda wautali isananyamuke. Mawu oti density altitude ndinawatchula bwinobwino, koma kufotokoza kunandikanika. Nkhani yake ndi yakuti pamalo okwera kukatentha mpweya umapepuka, injini imachepa mphamvu, mapikonso sanyamula msanga. Munthu wosamvetsa zimenezi akhoza kupha anthu. Manotsi muzilemba nokha ndi dzanja, madzulo omwewo mwauluka, zimene mwalakwitsa musanaziiwale. Mawa lake musanakwere muziwawerenganso.

Chachiwiri, ndipo apa mundimvetsetse, musapereke fizi yonse nthawi imodzi. Muzilipira pang'onopang'ono malinga ndi maola amene mwauluka. Sukulu yanga yoyamba inandinyengerera ndi mtengo wotsika, bambo anagulitsa puloti ku Area 49, tinalipira zonse. Patangopita miyezi inayi ndege zinaima, mwini wake foni osayankha. Bambo anamwalira ndalamazo zisanabwere, ndipo mpaka lero ndikadutsa pa pulotipo ndimayang'ana kumbali. CPL, laisensi yoyendetsera ndege pa ntchito yolipidwa, imafuna maola 200, ndiye ora lililonse lomwe mwauluka lilembedwe mu logbook yanu tsiku lomwelo.

Musanagulitse chilichonse, kayezetseni medical ya Class 1, kupimidwa thupi kumene kumafunika pa CPL. Mnzanga wina anamupeza ndi vuto losiyanitsa mitundu atalipira kale.



China ndi wailesi. Chingerezi chanu cha MSCE n'chabwino, koma a pa tawa yowongolera ndege amalankhula mothamanga. Mukapanda kumva, nenani kuti abwereze, musavomere zimene simunamve poopa kusekedwa.

Mnyamata uja ndamuuza abwere Loweruka adzatenge mabuku anga akale, ayambe ndi Air Law, phunziro la malamulo a ndege.