Kodi woima pa on-deck walowa kale m'masewera?

Owerenga athu ena atilembera kalata ya pa imelo. Akuti pa masewera a baseball anaona wosewera wa pa benchi ataima pa on-deck, ndodo ili m'manja, koma nthawi itakwana manejala anamuitana nkutumiza amene anali pamndandanda kale. Funso lawo ndi lakuti: kodi wobwezedwayo angalowenso?

Eya bambo, angalowe. On-deck ndi malo ozungulira a mafiti 5 m'mimba mwake, pafupifupi mafiti 37 kuchokera pa home plate (pamene womenya mpira amaima). Pa on-deck mpomwe womenya wotsatira amadikirira. Kuima pamenepo sikulowa m'masewera. Mamanejala amachita dala zimenezi pofuna kuti timu inayo isinthe woponya mpira msanga.

Pinch hitter, wosewera wa pa benchi wodzamenya m'malo mwa mnzake, amakhala kuti walowa pamene manejala wauza woyimbira wamkulu, uja woima kumbuyo kwa home plate. Ngati palibe wanena kanthu, lamulo 5.10(j) la MLB, ligi yaikulu ya baseball ku America, likuti walowa akangoima m'bokosi lomenyeramo. Apa mpomwe ambiri amapunthwa. Wosewera akalowa m'bokosimo mosokonezeka, amene walowedwa m'malo uja watuluka basi, sabwereranso. Ndipo pinch hitter akalengezedwa, timu inayo nkusintha woponya, manejala angathe kutumizanso wina, koma woyambayo ndiye kuti watha asanamenye nkomwe. Nchifukwa chake woyimbira wabwino amatembenukira kwa manejala, kutsimikiza dzina ndi nambala, kulemba pakhadi, kenako nkuloza posonyeza kuti walowa. Kusekondale za ku America lamulo ndi lofewerako, chifukwa oyamba masewera amaloledwa kubwerera kamodzi.

Wolowayo amatenga ma ball (mipira yoponyedwa molakwika) ndi ma strike (mipata yomwe womenya waphonya) omwe mnzake wasiya. Akapeza ma strike 2 nkumalizidwa ndi wachitatu, strikeout, kutuluka chifukwa cha ma strike atatu, imalembedwa pa dzina la woyambayo.

Wodikirira pa on-deck nayenso ali ndi udindo. Mpira womenyedwa ukakwera m'mwamba nkumagwera pamene iye ali, ayenera kupatuka kuti wogwira adutse. Akamutsekereza, masewera amaima, womenya amatuluka, othamanga nkubwerera pomwe anali. Womenyayo amavutika ndi mlandu wa mnzake.

Za malo oimapo oyimbira ena sanyengerera. Mu Julaye 2017, woyimbira Gerry Davis anauza Adrián Beltré wa timu ya Texas Rangers kuti aime pa on-deck penipeni. Beltré anakoka kapeti wake nkumubweretsa pamene iye anaima, ndipo Davis anamutulutsa m'masewera. Ambiri anaseka, koma lamulo lili ndi chifukwa: woima pafupi kwambiri amasuzumira kaponyedwe ka mpira, komanso mpira wophonyeka ungamuvulaze. Ku Little League, ligi ya ana, osewera m'magulu a zaka 12 kutsika saloledwa nkomwe kuima pa on-deck, poopa ndodo yozunguzidwa pafupi ndi anzawo.