Kodi ma positron ochulukawa akuchokera ku ma pulsar?

Wowerenga wina wandilembera imelo kufunsa kuti: "Ndamva kuti ma positron ofika kuno kuchokera mumlengalenga ndi ambiri kuposa mmene akatswiri ankayembekezera. Kodi umenewu si umboni wa dark matter?" Zikomo kwambiri chifukwa cha funsoli. Dark matter ndi zinthu zosaoneka zimene akatswiri amakhulupirira kuti zilipo zambiri m'chilengedwe. Ineyo ndikuganiza kuti gwero la ma positron amenewa ndi ma pulsar, zotsalira za nyenyezi zophulika zomwe zimazungulira mothamanga.

Positron ndi mapasa ndi elekitironi, kachidutswa kakang'ono zedi ka mu atomu: kulemera n'kofanana, koma magetsi ake ndi otsutsana. Ochepa amabadwa ma cosmic ray, tizidutswa tothamanga kwambiri ta mumlengalenga, akagundana ndi mpweya wa pakati pa nyenyezi, ndipo amayenera kumachepa tikamayang'ana amphamvu zokulirapo. Koma mu 2008 setilaiti ya PAMELA inapeza kuti kupyola 10 GeV (muyeso wa mphamvu za tizidutswa) gawo lawo poyerekeza ndi ma elekitironi likukwera. AMS-02, chipangizo chomwe chinaikidwa pa International Space Station mu 2011, chinatsimikizira zimenezi mu 2013.

Pakugona nkhani ndi apa. Positron yamphamvu kwambiri siyenda ulendo wautali. Ikamakhotakhota m'maginito a mlalang'amba wathu n'kumagunda kuwala kwa nyenyezi, mphamvu imatha msanga. Ndiye kuti gwero lake lili chapafupi, ndipo silakale kwambiri.

Pulsar yotchedwa Geminga ikukwanira bwino. Ndi chotsalira cha nyenyezi yomwe inaphulika, chachikulu makilomita pafupifupi 20 okha, chozungulira kanayi pa sekondi. Kuwala kwake kumatenga zaka pafupifupi 800 kuti kutipeze. Maginito ake oopsawo amapanga ma elekitironi ndi ma positron awiriawiri n'kuwamwaza kunja.

Chimandisangalatsa kwambiri ndi chimene chinachitika mu 2017. HAWC, malo ofufuzira a pa phiri la Sierra Negra ku Mexico, okhala ndi matanki 300 odzaza madzi, inaona chifunga cha kuwala kwa gamma (kuwala kwamphamvu kwambiri kosaoneka ndi maso) chitazinga Geminga ndi pulsar inzake ya Monogem. Umenewu ndi umboni woti ma pulsar akutulutsadi tizidutswati. Koma chifungacho chinaonetsanso kuti tizidutswati tikufalikira pang'onopang'ono zedi, moti gulu la HAWC linati sitingafike kuno tochuluka. Ena anayankha kuti kuchedwako kuli pafupi ndi pulsar pokha, tikatulukamo timathamanga. Mkanganowu udakalipo.

Za dark matter sindikuzikana kotheratu. Koma tizidutswa take tikanakhala kuti tikuwonongana n'kubala ma positron ochuluka chonchi, tikanayembekezera kuonanso ma antiproton (mapasa a pulotoni a magetsi otsutsana) ndi kuwala kwa gamma kowonjezera, ndipo zoyezedwa sizikuonetsa zofika pamenepo.